Ndinakonza Galimoto Yomwe Sinawonongeke

Mphunzitsi akapuma pantchito, ndalama ya penshoni imafika pamodzi ndi alangizi ake. Wina amati manga nyumba za lendi, wina amati gula chigayo, wina amati mbuzi sizinamiza munthu. Ine ndinaphunzitsa masamu ndi sayansi m'sukulu za pulayimale za m'boma la Balaka mpaka imvi zinadzaza mutu, choncho ndinkaona kuti wolangiza anthu ndine, osati wolangizidwa. Ndinatenga ndalamazo n'kugula Land Rover ya chaka cha 1967.

Ganizo lenilenilo silinali lopusa, ndipo mpaka lero ndikhoza kuliikira kumbuyo pabwalo lililonse. M'chigwa cha nyanja ya Chilwa anthu amalima mpunga wambiri. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye mvula ikalimbika madzi amangosefukira m'madambo, misewu ya kumidzi n'kufa. Malole a mavenda amathera pamene pathera msewu wouma. Mlimi amene anasunga matumba angapo m'nyumba amasowa womugula, pomwe ku Liwonde ndi ku Balaka mtengo wa mpunga uli kumwamba poti ndi miyezi ya njala. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa tonse mmene mudzi umadukira usiku umodzi wokha. Ndinakhala pansi ndi kope, ndinawerengetsa mafuta, mtengo wogulira ndi wogulitsira, phindu n'kutuluka lonona. Masamuwo anali olondola. Chimene ndinaiwala kulemba m'kopemo ndi ine mwiniwake.

Galimotoyo ndinaipeza ku Liwonde, kuseri kwa nyumba ina, mwini wake atamwalira kalekale. Inali Series IIA, yaitali ija ya mainchesi 109 kuchokera ku mawilo akutsogolo kufika akumbuyo, yonyamula katundu kumsana, nyali zake zoyandikana pakati pamphuno. Mtunduwu ankaupanga ku Solihull, ku England, kuyambira 1961 mpaka 1971. Land Rover yoyamba inatuluka mu 1948, nkhondo yachiwiri itangotha, chitsulo chikusowa, ndiye thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. N'chifukwa chake yangayi, ngakhale inavumbwa zaka zambirimbiri, thupi linalibe dzimbiri. Dzimbiri limadya chesisi, koma chesisi chake chinali chikadali cholimba. Anthu a msinkhu wanga sitisowa wotiuza kuti Land Rover n'chiyani. Ndiyo inkabweretsa mlangizi wa thonje, ndiyo inali ambulansi, ndiyo inkanyamula ansembe a kumishoni, ndipo m'nthawi ya Kamuzu ikalira usiku m'mudzi, aliyense ankayamba kukumbukira zomwe analankhula pamowa.

Makanika wina wachikulire wa ku Liwonde komweko anasintha batire, mapulagi, mapointi ndi oyilo, anatsuka kabureta, anakonza mabuleki, injini ya petulo ya malita 2.25 n'kudzuka. Ndinaiyendetsa mumsewu wa M8 mpaka ku Balaka. Giya yoyamba ndi yachiwiri pa mtundu umenewu zimafuna kuponda kalachi kawiri, apo ayi giyabokosi imakukuta mano, ndipo ndinaikukutitsa njira yonse. Komabe inafika. Potsanzikana makanikayo anali atandiuza kuti, "Aphunzitsi, iyi musaiwonjezere kanthu. Muziipatsa oyilo ndi girisi basi." Ndikanamvera, nkhani ino ikanathera pomwepa.

Koma ndili ndi mlamu, mlongo wawo wa mayi akunyumba, amene anakhalako ku Joni ndipo anabwerako ndi foni yaikulu ndi maganizo aakulu kuposa foniyo. Anaizungulira galimoto ija akugwedeza mutu. "Alamu, mwagula bwino, koma iyi ndi ya makolo. Taonani anzathu ku Australia." Pa YouTube panali magalimoto okwera m'mwamba, matayala otambalala, akuswa mitsinje madzi akufika pagalasi. Usiku umenewo sindinagone. Nditakamufotokozera makanika uja, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati azungu anaipanga chonchi akudziwa, chilichonse chili ndi mnzake wolingana naye mphamvu. Ndinamuyankha kuti tsobola wakale sawawa, ndipo ntchitoyo ndinakaipereka kwa anyamata owotcherera a ku Balaka, amene sanakanepo ganizo la kasitomala chiyambire.

Tinayamba ndi matayala. Ake enieni ndi opyapyala, a 7.50 pa rimu ya mainchesi 16. Ine ndinafuna aatali ndi otambalala, akaunjika. Ndinapereka theka la ndalama, ndipo ndisanamalize theka linalo, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Wogulitsa anandiuza modandaula kuti theka langa lasanduka kotala. Ndinalipira. Matayala atalowa, tinapeza kuti ukakhotetsa chiwongolero amakhula masipuling'i, ndiye anyamata anachepetsa pokhotera mawilo. Galimoto imene ndi kale lomwe inkafuna bwalo lalikulu kuti itembenuke tsopano inkafuna bwalo la mpira.

Kenako kukweza. Anyamata anadula zitsulo zazitali zolumikizira masipuling'i ku chesisi, ndipo mlamu anapeza zitsulo za sipuling'i ya lole n'kuziwonjezera kumbuyo kuti katundu asamaipsinje. Inakwera ndithu, moti pokwera ndinkayamba ndagwira chitseko n'kupuma. Palibe anandiuza, ndipo ine mphunzitsi wa sayansi sindinawerame kuti ndione, kuti chimene chimakhudza pansi poyamba ndi difu, ndipo difu imakhala pa ekiselo, osati pa chesisi. Ukakweza thupi, difu imatsala pomwe inali. Ndinangokweza mutu wanga kuti ndiziwaona bwino matope amene ndikukatitimiramo.

Kutsogolo anawotcherera bull bar ya mapaipi akale a mjigo, yolemera moti amuna anayi anatuluka thukuta poinyamula. Pamwamba anamanga kaliyala wachitsulo kuyambira pamutu pa dalaivala mpaka kumchira. Chomaliza, chimene ndinkachinyadira koposa, chinali snorkel: paipi ya pulasitiki ya madzi, yochokera kosefera mpweya, yokwera m'mbali mwa galasi mpaka pamwamba, kuti injini izipuma ngakhale titalowa mumtsinje. Tinaipaka penti yakuda kuti isaoneke kuti inapangidwira bafa.

Balaka ndi tauni ya njinga, ndipo anyamata akabaza sasowa chonena. Tsiku loiyesa ndinafuna kutembenuka pafupi ndi msika. Ndinapita kutsogolo, ndinabwerera, ndinapitanso, chiwongolero chili gwa poti mtunduwu ulibe pawa, msewu wonse utaima. Anyamata anayamba kuwerenga mokweza, wina n'kukuwa kuti, "Madala, ingoinyamulani muitembenuze!" Lamlungu ndinawanyamula mayi akunyumba kupita kutchalitchi. Masipuling'i a lole sagonja popanda katundu, ndiye pa hampu yoyamba mayi anadumpha n'kudziluma lilime. M'tchalitchi sanaimbe. Pobwerera anakwera kabaza.

Mafuta nawo ndi nkhani. Injini imeneyi ikakhala bwinobwino lita imodzi imayenda makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi. Nditaisenzetsa zitsulo zonsezo inayamba kumwa mopitirira, m'masiku amene petulo ankachita kugonera pamzere. Kope lija ndinasiya kulitsegula.

Mvula itakhazikika, ine ndi mlamu tinanyamuka mbandakucha. Tinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965, mkulu wake wa galimoto yanga ndi zaka ziwiri zokha. Tinakwera zitunda za msewu wa ku Ntaja pang'onopang'ono, poti matayala aatali amalanda injini mphamvu pokwera, ndipo pa Nsanama tinaima kuti ipume. Pa Ntaja tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa ku Namanja ndi ku Nayuchi, kumene njanji ya ku Nacala imadutsa pamtunda wamchenga wolekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Tisanafike kutali tinapatukira kanjira kolowera kudambo.

M'galimotoyi muli ndodo zitatu zoyang'anira mphamvu. Yakuda ndi ya magiya. Yachikasu ukaidina pansi, mawilo onse anayi amakoka. Yofiira ukaikokera kumbuyo, galimoto imayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu zochuluka, mawilo onse anayi akukokanso. Zimenezi ndinaziloweza bwino. Tikafika pamatope ndinkadina yachikasu modzitama, galimoto n'kudutsa ikuvina kumbuyo, mlamu n'kumenya dashibodi: "Mwaiona four wheel, alamu?" Tinawoloka kamtsinje kena madzi ali m'akakolo, tinafika kumudzi.

Mpunga unalipo, wa faya wosapuntha, ndipo mtengo unali wotsika monga kope linanenera. Galimoto imeneyi inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi makilogalamu 750, ndiye kuti matumba 15. Masipuling'i ake enieni akanandichenjeza, chifukwa akalemedwa amagona. Koma a lole aja sanagonje ngakhale pang'ono. Tinaika 15, ili chilili. Tinawonjezera asanu, ili chilili. Ena asanu tinawakweza pakaliyala. Mlamu anati pakadali malo, koma ndalama zinatipulumutsa potithera.

Masana kumapiri kunagwa mvula imene ife sitinaione. Pobwerera tinapeza kamtsinje kaja katakula, madzi ofiira akufika m'ntchafu. Anthu amene anali kutsidya ankatikupiza manja kuti tidikire. Ine ndinawaloza snorkel. Ndinakoka ndodo yofiira n'kulowa. Kunena zoona tinawoloka bwino, mpaka mawilo akutsogolo anagwira gombe la kutsidya. Gombelo linali la makande, dothi lakuda lija limene alimi a thonje amalidziwa: likauma limang'ambika, likanyowa limamata. Tayala lopyapyala limacheka matope n'kukagwira pouma pansi. Anga otambalala anangodzaza dothi m'mizere n'kusanduka osalala. Anayamba kuzungulira pamodzimodzi. Ndinachita chimene munthu aliyense wamantha amachita, ndinaponda mafuta mpaka pansi. Tayala lina lakumbuyo linakumba mpaka linapeza mwala, linagwira mwadzidzidzi, ndiye kunamveka kuti phwa!

Injini inalira mosangalala, yopanda choikoka. Galimoto inayamba kubwerera chambuyo. Ndinaponda buleki, koma mabuleki a dramu akanyowa sagwira. Ndinakoka handibuleki, osadziwa kuti pa Land Rover handibuleki sigwira mawilo, imagwira shafiti yochokera ku giyabokosi, ndipo njira ya shafitiyo kukafika kumawilo inali itaduka. Tinatsetsereka mwaulemu kubwerera mumtsinje, mchira n'kukagwera padzenje, katundu wa pakaliyala n'kuipendeketsa. Fani inamwaza madzi pa distributor, injini n'kuzima. Snorkel inali chilili pamwamba, youma bwinobwino, ikudikira madzi amene sanafike n'komwe pamene inali. Injini ya petulo imafa ndi kunyowa kwa mawaya a moto madzi asanayandikire kopumira, ndipo zimenezi ndinaphunzitsapo ana a Sitandade 7 m'mawu ena.

Mlamu anatulukira pawindo n'kukwera pamwamba pa matumba, foni ili m'kamwa. Ine ndinaliza sitata mpaka batire inatha. Ndinakumbuka kuti galimoto zimenezi zili ndi hendulo yopukusira injini pamanja, ndinaisolola kuseri kwa mpando, ndinalowa m'madzi, n'kupeza kuti pabowo polowetsa hendulo anyamata anawotchererapo paipi ya mjigo.

Mudzi wonse unabwera. Ankalankhula Chiyao, chimene ndimamva pang'ono, ndipo tsikulo ndikanakonda kusamva n'komwe. Anyamata anati atsitsa matumba, koma mtengo wake pa thumba lililonse unkakwera pamodzi ndi madzi. Tikukambirana choncho kunafika mkulu wina wovala chikofiya, atatsamira ndodo. Anayang'ana galimoto nthawi yaitali osalankhula. Kenako anakwinya thalauza, analowa m'madzi, anawerama pa wilo lakutsogolo n'kupukuta matope pakati pake ndi chala.

"Bwana, galimotoyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bambo."

"Mwakhala nayo nthawi yaitali?"

"Ndithu."

"Tabwerani muwerenge apa. Ine maso anatha."

Pakati pa wilo panali kachitsulo kotembenuza, mbali ina kolembedwa FREE, mbali ina LOCK. Kanaloza pa FREE. Mwini wake wakale anaikamo mahabu amene amamasula mawilo akutsogolo kuti pa tala galimoto isamadye mafuta ambiri. Akakhala pa FREE, dinani yachikasu, kokani yofiira, mawilo akutsogolo amangotsatira osakoka. Chigulireni, four wheel imene ndinkaionetsa anthu inali isanagwirepo ntchito. Choipitsitsa, pokoka ndodo yofiira ndinatumiza mphamvu zonse zimene zikanagawidwa pa mawilo anayi ku tizitsulo tiwiri takumbuyo, totchedwa mahafu shafiti, titasenza matumba 25 ndi matayala oposa msinkhu wake. Kamodzi kanapotoka n'kuduka.

Mkuluyo anali dalaivala wa boma m'masiku amene Machinga ankatchedwa Kasupe, Balaka asanakhale boma palokha mu 1998. Anati misewu yonse ya kuno, ya ku Chikweo, ya ku Mpiri, ya ku Utale, anaiyenda pa Land Rover yosawonjezera kanthu, atanyamula khasu, chingwe ndi hafu shafiti yapadera kuseri kwa mpando. Sanandinyoze. Anangondifunsa mafunso, ndipo lililonse linkapweteka kuposa mwano. Kodi ndinayamba ndayenda wapansi mumtsinjemo kuti ndimve pansi pake? Kodi ndinamasula lamba wa fani ndisanalowe? Kodi kabawuti kotseka pansi pa kalachi, kamene amakamangirira pafupi pomwepo kuti uzitsekera polowa m'madzi, ndinakatsekera? Ndinali ndisanamvepo kuti kaliko. "Safunsa anadya phula, bwana," anatero, akutembenuza mahabu.

Ntchito inatenga madzulo onse. Matumba anatsitsidwa, apansi akuchucha. Mkuluyo anatsegula distributor n'kuipukuta ndi mpango wake. Batire tinachita kubwereka kwa mnyamata woonetsa kanema pamsika wapafupi, amene anawerengetsa anthu onse amene akanaonera usiku umenewo n'kundilipiritsa. Injini itadzuka, mkuluyo anakhala pachiwongolero, anaika giya yachiwiri ya ndodo yofiira, ndipo mosaponda mafuta kwambiri, anyamata akukankha, galimoto inatuluka ndi mawilo akutsogolo okha. Pamtunda anamasula mabawuti asanu ndi limodzi pakati pa wilo lakumbuyo, anasolola chitsulo chodukacho n'kundipatsa m'manja, pabowo n'kutsekapo ndi chiguduli. Anati chidutswa china chatsala mu difu, ndiziyenda ngati ndanyamula maliro.

Tinagona m'mudzimo, udzudzu wa ku Chilwa ukutilandira. Kutacha tinabwerera ndi theka la katundu, lina n'kulisiya kuti lidzabwere pangolo mpaka pamsewu waukulu, pa mtengo winanso. Mpunga wosapuntha ukanyowa usiku wonse n'kukhala m'thumba motentha umachita chimene mbewu iliyonse imachita. Titamasula matumba ku Balaka tinapeza utayamba kumera. Anansi ankabwera kudzaona nazale ya mpunga pakhonde la aphunzitsi, m'boma limene chimanga chomwe chimavutika ndi ng'amba. Oyilo wa m'madifu anatuluka woyera chifukwa cha madzi, kalachi inadzaza matope, ndipo shafiti ya pansi inali itayamba kugogoda chifukwa chopendekeka ndi kukweza kuja.

Ndinabwerera kwa makanika wa ku Liwonde chipewa chili m'manja. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga pepala n'kulemba mtengo wochotsa chilichonse chimene ndinalipira kuti chiikidwe. Bull bar inabwerera kwa ogula zitsulo zakale pa kilo. Masipuling'i a lole anachoka, matayala opyapyala anabwerera, kaliyala anasanduka thandala loanikira mbale, ndipo snorkel ikugwira ntchito imene inabadwira, kuseri kwa bafa. Hafu shafiti tinakaipeza ku Ndirande, ndipo tinagula ziwiri.

Mayi akunyumba, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana, anapempha kope lija. Analiwerenga usiku wonse, m'mawa n'kunena kuti, "Abambo, bizinesi iyi ndi yabwino. Vuto ndi dalaivala." Anatumiza uthenga kwa mkulu wa chikofiya uja, ndipo anagwirizana kuti mwana wa mlongo wake, amene anamuphunzitsa yekha kuyendetsa, ndiye azigwira chiwongolero. Makiyi amagona m'chikwama cha mayi. Galimoto imanyamula matumba 15, dzinja lisanafike imapakidwa girisi, ndipo mtsinje ukadzaza imadikira pamodzi ndi anthu ena onse. Phindu likubwera, locheperapo kuposa la m'kope, koma lenileni. Ine sanandichotse ntchito. Ndimakhala mbali ya kumanzere ndi khasu pakati pa miyendo, ndipo tikafika pamatope ndimatsika kukatembenuza mahabu, kuyenda wapansi mumtsinje kuti ndimve pansi pake, ndi kukankha zikavuta.

Mlamu sanafooke. Posachedwapa anabwera ndi kanema wina, wa galimoto ikudzikoka yokha m'matope ndi chingwe chomangirira kumtengo. "Alamu, chimene chinatisowa tsiku lija ndi winchi basi." Kunena zoona mtima wanga unadumpha, ndipo ndinayamba kale kufunsa mtengo wake. Mayi anamva ali kukhitchini. "Achimwene," anatero osatuluka n'komwe, "winchi tili nayo kale. Ndi amene mwakhala nawowo, ndipo amangofuna nsima ndi matemba."